Soya sadikira: mafunso okhudza nthawi yobzala ndi kuchuluka kwa mbewu

Ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi madera ena a m'chigawo chapakati, soya tsopano ndi mbewu yopezera ndalama m'makomo ambiri, moti ena anasiyira fodya chifukwa cha iyeyu. Koma zokolola zake n'zosakondweretsa. Mlimi wamba amapata matumba 8 pa ekala kapena kucheperapo, pamene mbewu zomwezo zikalimidwa bwino zimabereka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Mukafunsa chifukwa chake, ambiri amathamangira kutchula feteleza. Feteleza ali ndi mbali yake, inokulanti nayenso ali ndi yake, koma matumba ambiri amatayika pa tsiku lobzala lomwelo: tsikulo limakhala litachedwa, ndipo mbewu yolowa m'nthaka imakhala yochepa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene alimi amakonda kufunsa pa nkhani ziwirizi.

Kodi nthawi yabwino yobzala soya ndi iti?

Ndi pamene mvula yobzalira yakhazikika, nthaka yanyowa mpaka pansi, osati pamwamba pokha. M'chigawo chapakati nthawi imeneyi imapezeka kuyambira kumapeto kwa Novembala kufika chapakati pa Disembala. Kummwera mvula imayamba msanga pang'ono, kumpoto imachedwerapo. Amene Khirisimasi yamupeza asanabzale ayambe kuda nkhawa. Amene walowa mu Januwale mbewu ili m'thumba wataya kale gawo la zokolola, ngakhale atadzapalira bwino chotani.

Chizimalupsa si mvula yobzalira soya. Fukulani mzere ndi khasu, lowetsani dzanja. Ngati dothi lili lonyowa kuzama ngati chikhatho chonse ndipo kumwamba kukuonetsa kuti mvula ina ili pafupi, bzalani.

Pakhomo pali chimanga, fodya, mtedza. Soya si mbewu yopirira yoti ingadikire zinazi zithe?

Apa ndiye pagona nkhani. Mvula ikagwa, banja lonse limathamangira kumunda wa chimanga, ndipo palibe angawadzudzule, nsima ndiyo imayamba. Kenako kuwokera fodya, kenako mtedza. Pofika nthawi yoti aganize za soya, udzu wamera kale m'chimanga, feteleza wokulitsa akufunika kuthira, ndipo soya amakankhidwira ku Januwale. Amabzalidwa pa munda wotsala, ndi anthu otopa, pa masiku otsala.

Tiyeni tiwerenge masiku. Tengani mtundu wa soya wokhwima pa masiku 120. Soya wotere amachita maluwa, n'kumanga makoko, kenako nyemba zimayamba kudzaza m'makokomo chapakati pa tsiku la 70 ndi la 105. Masabata asanu amenewa ndiwo amafuna madzi kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wa soya. Akasowa chinyezi ali wamng'ono amafota masana n'kudzuka madzulo, mvula ikabwera amapitiriza. Akasowa chinyezi nyemba zikudzaza, makoko ena amayoyoka, otsalawo amakhala ndi tinyemba ting'onoting'ono tokwinyika, ndipo palibenso chobwezera.

Mukabzala pa 10 Disembala, masabata asanu aja amagwera pakati pa 18 Febuluwale ndi 25 Malichi, mvula ikadalipo, ndipo soya amauma chapa 9 Epulo, dzuwa litayamba kuwala bwino. Mukabzala mtundu womwewo pa 15 Januwale, nyemba zimayamba kudzaza chapa 26 Malichi n'kufuna madzi mpaka kumapeto kwa Epulo. Ku Lilongwe, Kasungu ndi Mchinji mvula imakhala ikutsanzika kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Ndiye kuti soya wanu akufika pa msinkhu womwa madzi ambiri pamene mitambo ikuchoka. Pa dothi lamakande kapena m'mbali mwa dambo akhoza kulimbikira ndi chinyezi chotsala. Pa dothi lamchenga ngati lomwe lafala ku Kasungu, sapita patali.

Ine ndimaona kuti banja lomwe likufuna ndalama za soya liyenera kumupatsa masiku ake mkati mwa sabata ziwiri zoyamba za mvula, ngakhale zitatanthauza kugawana ntchito kapena kulemba aganyu a tsiku limodzi. Kukonzeratu mizere ndi kugula mbewu mu Okutobala kumathandiza kuposa china chilichonse, chifukwa nthawi zambiri chochedwetsa si mvula ayi, ndi munda wosakonza ndi mbewu yoti ikadali kumsika.

Ndinamva kuti soya amadziwa kutalika kwa usana. Zimenezi n'zoona kapena ndi nkhambakamwa za ophunzira?

N'zoona, ndipo zinadziwika kalekale. M'chaka cha 1920, akatswiri awiri a zaulimi ku America, Garner ndi Allard, anafalitsa zomwe anapeza atayesa mbewu ziwiri zomwe mlimi wa kuno amazidziwa bwino: fodya ndi soya. Anabzala soya wa mtundu wa Biloxi pa masiku osiyanasiyana, wina msanga, wina patapita masabata angapo, wina mochedwa kwambiri. Chodabwitsa chinali chakuti onsewo anachita maluwa pafupifupi nthawi imodzi. Wobzalidwa msanga anali atatalika, wobzalidwa mochedwa anali wamfupi, koma maluwa anabwera limodzi. Chomwe chinkawauza kuti nthawi yakwana chinali kufupika kwa usana ndi kutalika kwa usiku.

Soya amabereka pa mfundo, pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Mfundo zikachuluka, malo omangapo makoko amachulukanso. Soya wobzalidwa usana ukadali wautali amakhala ndi nthawi yotalika, kuonjezera mfundo, kutambasula nthambi ndi masamba asanayambe maluwa. Wobzalidwa usana utayamba kufupika amafulumira kuchita maluwa akadali wamfupi, ndipo mitundu ina ikangoyamba maluwa imasiyiratu kutalika.

Kuno kwathu usana wautali kwambiri umakhala chapa 21 kapena 22 Disembala. Ku Lilongwe umafika pafupifupi maola 13, ndipo mu Juni umatsika kufika maola 11 ndi mphindi pafupifupi 20. Kusiyana kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi kwa ku America kapena ku Argentina, n'chifukwa chake sindinganene kuti usana ndiwo mdani wamkulu wa mlimi wochedwa wa ku Malawi. Mdani wamkulu ndi kutha kwa mvula. Komabe soya amamva ngakhale kusintha kwa theka la ola, ndipo aliyense amene anayendapo m'munda wobzalidwa kumapeto kwa Januwale anaona soya wolekeza m'munsi mwa bondo ali ndi maluwa kale, makoko oyamba akukhudza dothi.

Kodi kuchedwa kumadya zokolola zochuluka bwanji?

Zimadalira chaka, dothi ndi mtundu wa mbewu, koma kachitidwe kake n'kofanana kulikonse komwe anayesa. Mkati mwa nthawi yoyenera, kusiyana kwa masiku ochepa sikusintha zambiri. Nthawiyo ikangodutsa, tsiku lililonse limakhala ndi mtengo wake. Ku America, komwe akhala akuyesa zimenezi kwa zaka zambiri, anapeza kuti zokolola zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 tsiku lililonse lochedwa. Kuchedwa ndi masabata atatu ndiye kuti thumba limodzi pa matumba asanu aliwonse lapita. Kumeneko ambiri ali ndi dothi losunga madzi. Kuno komwe mvula imadukiza mwadzidzidzi, chaka china kutsikako kumaposa pamenepo.

Ndiye kuli bwino kubzaliratu mvula isanagwe, monga ena amachitira ndi chimanga?

Ayi. Chimanga chimapirira m'dothi louma, soya sapirira. Njere ya soya imayenera kumwa madzi olemera ngati theka la kulemera kwake kuti imere, pamene ya chimanga imafuna ochepera pamenepo. Kukagwa kamvula kowaza, njere ya soya imafufuma, n'kuyamba kudzuka, dothi n'kuumanso, basi yafa. Kutentha kwa dothi la mu Novembala kumaiwononganso, popeza ndi njere yamafuta, ya khungu lopyapyala. Ngati munaipaka inokulanti, monga Nitrofix, dziwani kuti mmenemo muli tizilombo tamoyo tomwe timakamanga timibulu ta kumizu topangira chakudya cha mbewu. M'dothi louma ndi lotentha timafa tisanagwire ntchito. N'chifukwa chake alangizi amati pakani pamthunzi, bzalani tsiku lomwelo, m'dothi lonyowa.

Kufulumira kuli ndi msampha winanso kumapeto. Tengani mtundu wocha msanga, wa masiku 100, mubzale pa 20 Novembala. Ukhwima pa 28 Febuluwale, mvula ili pachimake. Soya wokhwima akamanyowa ndi kuuma, kunyowa ndi kuuma, nyemba zimachita nkhungu, zimada, zina zimamerera m'makoko momwemo, ndipo dzuwa likangowala makoko amathetheka nyemba n'kumwazika pansi. Mavenda akaona nyemba zakuda amagwetsa mtengo, ndipo ngati mumafuna kusungako mbewu, yoteroyo simera bwino chaka chamawa.

Choncho tsiku lobzala liziyendera limodzi ndi mtundu wa mbewu. Mvula ikayamba msanga, bzalani mitundu yotenga nthawi, monga Makwacha kapena Nasoko. Tikolore, yemwe anatulutsidwa m'chaka cha 2011 kuchokera ku kafukufuku wa bungwe la IITA mogwirizana ndi akatswiri a boma, amacha msanga, ndipo ndiye woyenera madera a mvula yochepa kapena mlimi amene wachedwerapo. Cholinga n'chakuti nyemba zidzaze mvula ikadalipo, koma makoko adzaume itatha. Werengani masiku cham'mbuyo kuchokera pomwe mvula imathera kwanuko.

Nanga chiwawu chija chinatipweteka, chikukhudzana ndi nthawi yobzala?

Kwambiri. Alimi ambiri sadzaiwala nyengo ya 2022/23, pamene matenda a chiwawu, ena amati dzimbiri, anaumitsa minda ya soya m'maboma ambiri, masamba n'kuyoyoka nyemba zisanadzaze. Matendawa amayenda ndi mphepo ngati fumbi, ndipo amakonda masamba okhala onyowa nthawi yaitali. Kumayambiriro kwa dzinja fumbi lakelo limakhala lochepa. Likamafika Febuluwale ndi Malichi limakhala litachulukana m'minda ya anthu onse oyandikana. Soya wobzalidwa msanga chiwawu chimamupeza nyemba zili pafupi kudzaza, ndipo amapulumukako ndi kenakake. Wobzalidwa mu Januwale chimamupeza akuyamba kumene maluwa. Kubzala msanga si mankhwala, chaka choipa kupopera kumafunikabe, koma kumachepetsa masiku omwe matendawa angakhale akudya munda wanu.

Tibwere ku mbewu. Pa ekala pamafunika yochuluka bwanji?

Malangizo a unduna wa zamalimidwe ndi akuti mizere italikirane masentimita 75, ndipo pamwamba pa mzere uliwonse pakhale tingalande tiwiri totalikirana masentimita 25 mpaka 30. M'kangalande kalikonse muzigwetsa njere imodziimodzi pa masentimita 5 alionse. Kwa amene alibe tepi, rula ya mwana wasukulu ndi masentimita 30, ndipo bokosi la machesi m'litali mwake ndi pafupifupi masentimita 5. Pa mita imodzi ya mzere pamalowa njere 40, uku 20 uku 20. Pa hekitala zimakwana njere pafupifupi 533,000. Pa munda wosaunga mizere, mizere ya mbewu imatalikirana masentimita 45, ndipo njere zimakwana pafupifupi 444,000.

Pa sikelo, zimenezi ndi makilogalamu pafupifupi 80 pa hekitala, kapena 32 pa ekala, ngati njere zake ndi zokulirapo. Ndowa ziwiri zodzaza bwino. Mitundu ya njere zing'onozing'ono imafuna makilogalamu ochepa, 60 pa hekitala kapena 24 pa ekala, chifukwa mu kilogalamu imodzi mumakhala njere zambiri. Munda umawerenga njere, suwerenga makilogalamu.

Tsopano yerekezani ndi zomwe zimachitika m'minda yambiri. Mizere ndi yakale ija ya masentimita 90, yomwe inaungidwira chimanga kapena fodya. Pamwamba pake pali mzere umodzi wa soya. Ngakhale mlimi atatsatira masentimita 5 aja, mitengo singapitirire 222,000 pa hekitala, osafika ndi theka lomwe. Koma ambiri satsatira n'komwe. Amakumba mapando ngati a nyemba, phazi limodzi kuchoka pa linzake, n'kuponyamo njere zitatu kapena zinayi. Ndowa imodzi imakwanira ekala yonse n'kutsalako, mlimi n'kumasangalala kuti wapulumutsa mbewu. Mukadzadutsa mu Febuluwale mupeza timagulu ta soya apa ndi apo, pakati pake dothi lili pamtunda, chisoso ndi bonongwe zikusangalala.

Dothi looneka limenelo ndilo vuto. Zokolola za soya zimachokera ku dzuwa lomwe masamba agwira. Kuwala kogwera pa dothi kapena pa udzu kwapita pachabe. Munda wabwino wa soya umayenera kutseka, masamba a mzere uwu kukumana ndi a mzere winawo, maluwa akamayamba kapena atangoyamba. Mizere iwiri pa mzere umodzi imafulumizitsa kutsekako. Ikatseka, udzu umasowa dzuwa n'kufooka wokha, chinyezi chimakhalitsa, madontho a mvula samenya dothi mwachindunji. Amene anayesa amadziwa kuti kupalira kwachiwiri kumapepuka, kwachitatu sikufunikanso.

Kubzala chonchi n'kotopetsa, tisanamizane. Kuwerama tsiku lonse ukuyika njere imodziimodzi si masewera, ndipo aganyu amalipiritsa mokwera. Alimi ambiri amalemba tingalande tiwiri ndi kamtengo kapena ngodya ya khasu, n'kumawaza njere mowerengera ndi zala, wina akubwera pambuyo kukwirira. Sizifika pa masentimita 5 enieni, koma mukayeza mita imodzi n'kupeza njere zapakati pa 35 ndi 40, zili bwino. Kuzama kwake kukhale masentimita 3 mpaka 5. Soya pomera amakoka njere yonse kuitulutsa kunja, ndiye mukamukwirira kwambiri, kapena mvula yamphamvu ikaumbitsa chikhakha pamwamba pa dothi, khosi lake limathyoka asanatuluke.

Koma akuti ku America alimi akuchepetsa mbewu, chifukwa soya akapeza malo amachita nthambi. Ife tikuonjezeranji?

Funso labwino, ndipo zomwe mwamvazo n'zoona. Soya ali ndi luso lodzaza malo. Mnzake akasowa pambali, amatulutsa nthambi n'kubereka makoko ambiri. Alimi a ku Iowa kapena Illinois amabzala njere pafupifupi 140,000 pa ekala, ndipo kafukufuku wawo amaonetsa kuti mitengo 100,000 pa ekala yoima mofanana bwino imakwanira kupereka pafupifupi zokolola zonse. Pa hekitala imeneyo ndi mitengo pafupifupi 250,000. Kuonjezera pamenepo kumangowadyera ndalama za mbewu.

Koma onani kusiyana kwake. Iwo amabzala ndi makina oika njere iliyonse pa kuzama kofanana, mbewu yake yopakidwa mankhwala, udzu amapha ndi mankhwala, dothi lake lachonde, ndipo usana wawo wa m'chilimwe umapitirira maola 15, moti soya amakula kwambiri asanachite maluwa. Kuno soya amachita maluwa msanga, dothi lambiri n'losowa fosifolasi ndipo lina n'lowawasa, mitengo imakhala yaing'ono. Mtengo waung'ono sungatambasuke kudzaza mpata wa masentimita 90. Komanso pa njere 533,000 zobzalidwa, si zonse zimaima. Zina sizimera, zina nkhunda ndi nkhanga zimajompha zikangotuluka, zina mbewa, zina chiswe. Mukachotsa zonsezi mumatsala ndi mitengo mwina 350,000 kapena 400,000, ndipo pamenepo ndi pabwino.

Ndiye onse akunena zoona. Mlimi wa ku America akutsika kuchokera pamwamba, wa ku Malawi akuyenera kukwera kuchokera pansi. Phindu lalikulu la kuonjezera mbewu lili pa kuchoka pa munda wa patalipatali kufika pa munda wotseka. Kuchoka pa wotseka kufika pa wothithikana sikuonjezera kanthu.

Za mtengo wa mbewu, werengani motere. Kuchoka pa ndowa imodzi kufika pa ziwiri ndi makilogalamu 16 oonjezera pa ekala. Ngakhale mbewu yovomerezeka itakwera katatu kuposa soya wogulitsa, thumba limodzi lokha la makilogalamu 50 labweza ndalamayo. Munda wotseka umaposa wa patalipatali ndi matumba angapo, osati limodzi.

Nanga ndikathira mbewu yambiri kuposa pamenepo?

Mitengo imalimbirana dzuwa, imatalika n'kuonda, mphepo ndi mvula ya mu Febuluwale zikabwera imagona pansi. Soya wogona amaola makoko, mpweya sudutsa, matenda amapeza pokhala. Izi zimachitika kwambiri pa dothi lachonde, monga munda womwe munali fodya chaka chatha, komanso ndi mitundu yotalika ndi yamasamba ambiri. Pa malo otere, ngati mwabzala msanga, mukhoza kutalikitsa pang'ono, masentimita 7 kapena 8 m'malo mwa 5, osataya kanthu.

Mbewu yanga ndi yosunga ndekha. Ndibzale muyezo womwewo?

Musanayankhe funso limenelo, iyeseni. Soya sali ngati chimanga kapena nandolo pa nkhani yosunga. Mphamvu yake yomera imatha msanga, makamaka akasungidwa pa malo otentha, monga m'nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala, kapena akaikidwa m'thumba asanaumitsitse. Kupuntha ndi ndodo mwamphamvu kumang'ambanso njere mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Ngakhale kuponya thumba pansi kuchokera pa ngolo kumapha njere zina. Mbewu yogona zaka ziwiri musaiyese n'komwe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Sabata ziwiri mvula isanayambe, tapani njere pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, sakanizani, werengani 100 osasankha zokongola. Zibzaleni m'beseni lobowoka la mchenga kapena pa kabedi pafupi ndi nyumba, mizere 10 ya njere 10, n'kumathirira. Tetezani ku nkhuku. Pakatha masiku 7 kapena 8 werengani zomwe zatuluka zamphamvu, zotambasula timasamba tiwiri tonenepa tija. Zopindika ndi zofooka musaziwerenge, kumunda sizidzalimba. Zikamera 85 kapena kuposa, bzalani muyezo wanthawi zonse. Zikamera pakati pa 70 ndi 84, onjezerani mbewu, pa ndowa ziwiri zija ikanipo theka la ndowa. Zikalephera kufika 70, gulitsani kapena kazingani mupange ufa wa phala, mukagule mbewu ina. Mbewu yofooka simangomera pang'ono, imameranso mochedwa ndi mosiyanasiyana, ndipo yomwe yamera pa kabedi kothiriridwa bwino siingamere yonse m'munda.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mlimi amene sanayese amadziwira kumunda, patatha masiku 10, ndipo pofuna kubzalanso amakhala atalowa kale m'gulu la ochedwa. Mbewu yoipa imadya zonse ziwiri, kuchuluka kwa mitengo ndi nthawi.

Chaka chino ndachedwa kale. Kuonjezera mbewu kungabweze zomwe ndataya?

Kungabweze zina, osati zonse. Soya wochedwa amakhala wamfupi ndi wa nthambi zochepa, ndiye mtengo uliwonse umatenga malo ochepa. Kuti munda utseke pamafunika mitengo yambiri ndi mizere yoyandikana. Apa ndiye pamene mizere iwiri pa mzere umodzi isali nkhani yosankha. Onjezerani mbewu pang'ono, gawo limodzi pa magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono. Kuthithikana kumathandizanso kuti mitengo italikeko ndipo makoko oyamba akwere, asamakhudze dothi.

Chomwe mbewu yoonjezera singachite ndi kuitana mvula ya mu Epulo. Choncho sankhani mtundu wocha msanga, bzalani pa munda wosunga chinyezi ngati ulipo, palirani msanga chifukwa udzu wa mu Januwale umakula mothamanga, ndipo yang'anani kunsi kwa masamba kawiri pa sabata kuopa chiwawu. Mukafika chakumapeto kwa Januwale m'chigawo chapakati, dzifunseni ngati si kwabwino kuika khobwe kapena mbatata pa mundawo. Choipitsitsa pa zonse ndi kuchedwa n'kubzalanso patalipatali, ndipo mwatsoka ndi zomwe zimachitika kawirikawiri, popeza wochedwa uja amakhalanso ndi mbewu yotsala yochepa.

Soya wamera koma mwa apo ndi apo. Ndipakize, ndigalauze n'kubzalanso, kapena ndingosiya?

Musaweruze ndi maso muli m'mphepete mwa munda. Munda wa soya wongomera kumene umaoneka womvetsa chisoni kuposa mmene ulili. Dulani kamtengo ka mita imodzi, lowani m'munda, kaikeni pa mzere pa malo 10 osiyanasiyana, osasankha poipa pokha kapena pabwino pokha, n'kuwerenga mitengo ya m'tingalande tonse tiwiri. Phatikizani, gawani ndi 10.

Pa mizere ya masentimita 75, mitengo 30 pa mita ndi 400,000 pa hekitala, munda wabwino kwambiri. Mitengo 20 ndi pafupifupi 267,000, siyani choncho, ingopalirani msanga. Ngakhale 15, yomwe ndi 200,000, ikhoza kubereka bwino ngati yaima mofanana ndipo inabzalidwa pa nthawi yake, chifukwa ili ndi nthawi yochita nthambi. Chofunika kuyang'ana kwambiri ndi mipata. Mitengo 15 yomwazikana bwino pa mita iliyonse imaposa munda womwe pena pali 35, pena mamita awiri opanda kanthu. Mipata yaitali yotereyi pakizani, koma mkati mwa sabata imodzi chimerereni zinzake. Mukachedwa, zopakizazo zimaphimbidwa ndi zazikulu, ndipo zomwe zapulumuka zimadzakhwima mochedwa, inu n'kusowa chochita pokolola: kudikira zaziwisi pamene zouma zikuthetheka, kapena kuzula zonse n'kusakaniza nyemba zosakhwima m'thumba.

Kugalauza n'kuyambiranso ganizirani pokhapokha mitengo ikuchepera 10 pa mita, mipata ili ponseponse, ndipo kalendala ikadali mu Disembala. Ngati Januwale walowa, munda wa patalipatali wobzalidwa pa 10 Disembala nthawi zambiri umaposabe munda wodzaza wobzalidwa mochedwa, ndipo simulipiranso mbewu, inokulanti ndi aganyu kachiwiri. Musanabzalenso fukulani pomwe sipanamere muone chinachitika n'chiyani. Njere yoola ikusonyeza mbewu yofooka kapena madzi odikha. Yomera koma yothyoka khosi ikusonyeza kukwirira kwambiri kapena dothi louma pamwamba. Timitengo todulidwa mitu ndi ntchito ya mbalame, ndipo zimenezo zidzabweranso, choncho pakhale mwana kapena wamkulu wozipirikitsa m'mamawa ndi madzulo kwa masiku anayi kapena asanu oyamba mbewu ikamatuluka.